Mmene ndimasamalira makina opopera penti a airless

Makina amene ndimagwira nawo ntchito ndi aja a airless, okankha penti ndi presha ya pampu osati ndi mpweya, opopera penti pa zitsulo ndi makoma a mafakitale, ndipo olo akhale a Graco, Titan kaya Wagner kasamalidwe kake sikasiyana kwenikweni. Chimandiwawa nchoti ambiri amadikira pampu ife kaye nde ayambe kuthamangathamanga, chonsecho makinawa amakhala atayamba kale kuonetsa zizindikiro.

Ndisanamasule chilichonse ndimayamba ndachotsa presha, apa sindinyengerera munthu. Makinawa amafika 3000 psi, kuposa 200 bar, ndipo olo uzimitse presha imatsalabe mu hosi. Nde ndimakhoma trigger, kofinyira ka pa gani yopopera, kuzimitsa makina, kutsitsa presha mpaka pansi, kenako kutsegula loko, kugunditsa chitsulo cha gani m'mbali mwa ndowa yachitsulo nkufinya kuti zotsala zituluke, kukhomanso, pomaliza kutsegula valavu ya prime, yomwe imabwezera penti mu ndowa. Chala pa tip, kamlomo kotulukira penti, ayi ndithu. Penti yothamanga chotero imaboola khungu, kunja kumangooneka kabala ngati ka singano koma mkati mnofu ukuwonongeka, anthu amadulidwa zala ndi zimenezi. Zikachitika ndi kuchipatala pompo, ukawauze madokotala kuti chalowa ndi penti kapena thina wa presha.

Mmawa ndisanayatse ndimayang'ana kakapu kali pamwamba pa pampu, paja ndodo ya pisitoni imakwera nkutsika, nkuthiramo TSL, mafuta apadera a pa ndodoyo. Ntchito yake nkuti penti yokwera ndi ndodo isaumire pamenepo nkumakanda ma packing, timawashala totseka kuti penti isadonthe m'mbali mwa ndodo. Kakapu kameneka ine ndimakakhulupirira kwambiri, TSL akangoyamba kutenga mtundu wa penti ndimadziwa kuti ma packing akumtunda ayamba kutha, nde ndimamangitsa nati yake pang'ono chabe chifukwa ukakokera kwambiri amathanso msanga, ndipo zikapitirira ndimaitanitsa kiti yonse osadikira kuti ndodo ikandike, poti ndodo ikakandika olo uike ma packing atsopano sakhalitsa.

Kenako ndimayatsa, presha ikwane, gani osaifinya, nkumvetsera. Pampu yabwino imaima duu. Ikamagunda yokha pakanthawi pakanthawi ndiye kuti ikutaya mkati, mwina ma packing, mwina kampira kachitsulo ka valavu yapansi sikakukhala bwino chifukwa cha zinyalala, mwinanso valavu ya prime ikudontha. Hosi ndimaiyendera yonse presha nditachotsa, yotupa kapena yosupuka imachoka basi, zomata ndi tepi sizigwira pa presha imeneyi.

Madzulo nde pali ntchito yeniyeni. Penti yamadzi ndimatsuka ndi madzi, yamafuta ndi thina amene opanga pentiyo analemba, osasakaniza mwachisawawa chifukwa zina zimaundana mkati. Ndimachotsa tip ndi gadi yake, kubweza penti yotsala kudzera ku prime, kenako kuyendetsa chotsukiracho mu hosi ndi gani pa presha yotsika mpaka chituluke choyera, osati choyererako, choyera. Ngati ndi thina, ndowa ikhale yachitsulo yolumikizidwa ku earth komanso pamalo podutsa mphepo, kathetheka kamodzi nkokwanira kuyatsa moto. Epoxy wosakaniza ziwiri yekhayo sadikira madzulo, pot life yake, nthawi yomwe amakhala asanaume mukasakaniza, ikayandikira kutha ndimatsuka nthawi yomweyo olo ntchito ili pakati, akaumira mkati pampu ndi hosi zapita.

Masefa alipo atatu, ya kumapeto kwa paipi yoyamwa, ya pa makina, ndi kaja kobisala mu chigwiriro cha gani komwe anthu amakaiwala mpaka gani itayamba kulavula. Onse ndimatulutsa nkutsuka ndi burashi yofewa, yong'ambika ndimataya. Sefa ya mesh 60, ya mabowo okulirapo, ndi ya penti yolimbirako, ya 100 ndi ya zopyapyala ngati vanishi.

Tip sindiitokosa ndi waya. Ikatsekeka pogwira ntchito ndimangoitembenuza nkufinya kamodzi, madzulo kuiviika mu chotsukira nkuikwecha pang'ono. Koma imatha ndithu olo ili ya tungsten carbide. Tip ya 517 ili ndi bowo la 0.017 inchi ndipo ukaima mainchi 12 kuchoka pakhoma imayala penti mainchi 10 mulifupi, nde nthawi ndi nthawi ndimapopera pa katoni nkuyeza, ndikaona zatsika kufika pa 7 kaya 8 ndimasintha, chifukwa bowo lakula, penti ikutuluka yambiri pa malo ochepa, ikuyenderera, ndipo kukweza presha sikuthandiza kungotopetsa pampu.

Makina akakhala kuti apuma masiku angapo sindisiya madzi mkati, amachititsa dzimbiri nkumatitsa timipira tija. Ndimayendetsamo mankhwala osungira pampu kapena thina wa mineral spirits, kuchotsa presha, nkulemba mu kabuku tsiku lomwe ndasintha tip, sefa kapena ma packing kuti wa shifiti ina adziwe poyambira.