Sabata ya makatuni pa vidiyo sho yanga

Lolemba m'mawa ndinafufuta bolodi la panja n'kulemba ndi choko kuti masana onse a sabata imeneyo tionetsa makatuni. Sukulu zinali zitatsekera, ana akungozungulira pakhomo ngati nkhuku zaona madeya. Mnyamata amene amanditolera ndalama pakhomo sanakondwe nazo. "Achimwene, zidole sizibweretsa ndalama. Anthu amafuna zibakera." Sikuti ankanama. Zaka zonsezi amene amadzaza mabenchi athu ndi anyamata a karate ndi mpira wa ku England.

Ndinayamba ndi The Incredibles ya kampani ya makatuni ya Pixar, yomwe inatuluka mu 2004, onse amene anakhala kutsogolo aja asanabadwe. Ndi nkhani ya banja la anthu amphamvu zodabwitsa, koma boma linawaletsa kuzionetsa. Bambo wa m'nyumbamo, chimphona chonyamula galimoto ndi manja, amangokhala mu ofesi ya inshulansi, mimba ikukula. Mayi amatanuka ngati legeni. Chizungu chake anawo sankachimva, koma katuni imalankhula ndi nkhope: munthu akakwiya, nsidze zimakwiya nawo. Pomwe panavuta, kamnyamata kena ka Fomu 2 kankamasulira mokweza, mwinanso n'kuthiramo zake.

Lachiwiri linadutsa bwino. Lachitatu magetsi anathima filimu ili pakati, ndipo jenereta inamwa pafupifupi phindu lonse la tsikulo. Pamene ndinkalimbana ndi chingwe chake, ndinamva kamtsikana kakutonthoza mng'ono wake mumdimamo: "Usalire iwe, sitelingi safa."

Tsiku limene ndikufuna kukamba kwenikweni ndi Lachinayi. Ndinaika gawo lachiwiri la The Incredibles ija, la 2018. M'menemo mayi ndi amene apatsidwa ntchito yothana ndi zigawenga, bambo n'kutsala pakhomo ndi ana atatu. Masamu a mwana wake akumukanika, khanda likukana kugona, maso afiira ndi tulo. Amayi ena anabwera kudzatenga mwana wawo kuti apite naye kuchigayo. Anaima pakhomo, thumba la chimanga lili pamutu. Patapita kanthawi analitula, n'kumasula nsonga ya chitenje, n'kulipira. Anaitananso anzawo awiri ogulitsa mandasi panjapo.

Chimphona chija chitagonja kwa khanda, amayiwo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Onani abambo anu awo! Tsiku limodzi lokha afooka!" Bambo wina wa kabaza, yemwe analowa pothawa dzuwa, anayankha kuchokera kumbuyo: "Mayi, mwana wake ameneyu ndi wamatsenga, nanunso sakanakugonetsani." Mkanganowo unapitirira panja filimu itatha.

Chiyambireni ntchitoyi, amayi a m'dera lino amaiona vidiyo sho ngati malo oonongera ana, ndipo sindiwadzudzula. Ndikamaonetsa mafilimu a nkhondo masana, limoti sichoka m'manja mwanga, chifukwa pena pamatulukira magazi kapena anthu osavala, ndiye umayenera kudumphitsa msanga. Sabata imeneyi limoti ndinaisiya pamwamba pa sipika. Ndewu ilipo, nyumba zikugwa, koma palibe choti kholo lingatseke nacho mwana m'maso. Komanso amene amalemba makatuniwa ndi ochenjera: mwana akuonera liwiro ndi kuuluka, wamkulu akuonera ntchito yotopetsa ndi mikangano ya m'banja, onse pa sikirini imodzi.

Lachisanu ndinayesa Supa Team 4, makatuni a zigawozigawo amene Netflix inatulutsa mu 2023. Anawayambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, n'kuwakonza ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Ngwazi zake ndi atsikana anayi a sukulu a ku Lusaka, owatsogolera ndi mayi wachikulire wotchedwa Mama K. Atsikana, amene nthawi zonse amakhala benchi la kumbuyo, tsiku limenelo analanda la kutsogolo. Mmodzi anandikoka shati: "Ankolo, Lusaka yake yomwe ija amapitako amalume?" Nditavomera, anatembenuka n'kuuza anzake ngati iyenso ndi wa komweko.

Loweruka mpira unabwerera, anyamata aja n'kudzaza mpaka pakhomo. Powerengera usiku, ndalama za masana asanu aja sizinafike pa za mpira, koma zinaposa zimene timapeza masana wamba, pomwe nthawi zina timaonetsa mabenchi okhaokha. Lamulungu madzulo ndinapeza mnzanga wodana ndi zidole uja atakwera pa mpando, choko chili m'manja, akundifunsa ngati Spider-Man amalemba ndi "y".