Kabokosi ka madinari

Lolemba kuofesi kwathu ku London kunabwera kabokosi ka madinari, ndalama zasiliva za Aroma. Mwini wake anamwalira, ndiye ana ake akufuna zigulitsidwe pa okushoni. Ntchito yanga ndi kuyeza iliyonse, kuizindikira, n'kulemba zoti wogula awerenge.

Zambiri zilembo zinafufutika kalekale. Zikatero timafunsa milungu yojambulidwapo. Mkazi wofunda chikopa cha mbuzi kumutu, nyanga zili njo, ndi Juno Sospita, mulungu wamkazi wa ku Lanuvium, mzinda wa kufupi ndi Roma. Nditatembenuza ndinaona mtsikana akudyetsa njoka, m'mbali muli mano ngati a sowo, basi ndinadziwa kuti ndi ya Roscius Fabatus, mkulu amene anaisulitsa cha m'ma 64 BC. Za mapasa Castor ndi Pollux ali pa akavalo, nyenyezi pamutu, sizinandichedwetse.

Imene inandidyera Lachitatu lonse ndi ya Julius Caesar ya 49 BC, ya njovu ikuponda njoka. Anthu amathamangira njovuyo, koma ine ndimakonda kuseri: chikho chothirira nsembe, chowazira madzi, nkhwangwa yophera nyama ya nsembe, ndi chipewa chosongoka cha wansembe. Caesar anali mkulu wa ansembe kuyambira 63 BC, ndipo msilikali aliyense wolandira malipiro ankakumbutsidwa zimenezi m'manja mwake. Pasikelo inalephera kukwana magalamu 3, pomwe yabwino imayandikira 4. Pagalasi, pa mwendo wa njovu panali kamng'alu kobiriwira. Mkati ndi mkuwa, siliva angokutira pamwamba. Akathyali ake anali a nthawi ya Aroma yomweyo, choncho imagulikabe, koma motchipa.

Lachisanu tinakanganapo ndi abwana pa dinari ya Tiberius, mfumu ya Aroma. Ambiri amati ndi imene anaonetsa Yesu pa nkhani ya msonkho mu Maliko 12, n'chifukwa chake Akhristu amailimbirana. Kumaso imamutchula mwana wa Augustus woyesedwa mulungu, kuseri PONTIF MAXIM, mkulu wa ansembe. Koma ndalama zimenezi zinkasulidwa ku Lugdunum, komwe lero ndi Lyon, ndipo ku Yudeya ofukula sazipeza kawirikawiri. Abwana amafuna tilembe motsimikiza kuti ndi yomweyo. Ine ndinati ayi, tilembe kuti "imene ambiri amaiganizira". Anang'ung'udza, kenako anasaina.