Ndinakwiyira Charlotte, wolakwa ali phee m'chipinda cha mabuku

Teremu ino tikuwerenga Pride and Prejudice, buku la Jane Austen lomwe linatuluka mu 1813. Ndivomere, ulendo woyamba ndinkangothamangira kuti Elizabeth Bennet ndi Darcy, omwe nkhaniyi yatsamira pa iwo, agwirizana liti. Nditafika pamene Charlotte Lucas akulola kukwatiwa ndi Collins, ndinatenga pensulo n'kulemba m'mphepete mwa tsamba kuti "wadyera uyu".

Nanga si Collins anali atangokanidwa kumene ndi Elizabeth? Masiku atatu asanathe, wafunsira kale Charlotte, mnzake wapamtima wa Elizabeth. Charlotte naye sanangogweramo ayi. Anamuonera pawindo la chipinda cham'mwamba akubwera, n'kutsika msangamsanga kukakumana naye panjira ngati zangochitika mwangozi. Chonsecho mwamunayo ndi m'busa wotopetsa, pakamwa pake sipachoka dzina la Lady Catherine de Bourgh amene anam'patsa malo a ubusa ku Hunsford.

Pokonzekera kulemba chimangirizo ndinabwereza mitu imeneyi pang'onopang'ono, ndipo mawu a pensulo aja ndafufuta. Charlotte ali ndi zaka 27, si chiphadzuwa, chuma cholowa nacho m'banja palibe. Ku England kwa nthawi imeneyo, mtsikana wa banja ngati lake akakhala mbeta ankatsala mtolo wa alongo ake, n'chifukwa chake alongowo anapumira m'mwamba atamva za ukwatiwo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sananamize munthu kuti ali m'chikondi, anamuuza Elizabeth poyera kuti iye akufuna khomo labwino basi. Chomwe chinandiseketsa n'choti atalowa m'banjamo amalimbikitsa mwamuna wake kuti azikhalitsa kudimba, iye n'kusankha chipinda chakumbuyo chosaoneka kumsewu kuti asamasokonezedwe pafupipafupi.

Wickham, msilikali wofunsira atsikana chifukwa cha chuma chawo, sindichedwa naye. Anayamba ndi Georgiana, mlongo wake wa Darcy, wa zaka 15 chifukwa cha mapaundi 30,000, kenako Mary King wa 10,000. Tambwali weniweni.

Amene wandivuta ndi bambo Bennet, bambo ake a Elizabeth, omwe poyamba ndinkawakonda chifukwa cha nthabwala zawo. Bambowa amapeza mapaundi 2,000 pachaka, ana asanu onse ndi aakazi, ndipo akudziwa kuti akadzatsikira kulichete nyumba ya Longbourn idzapita kwa Collins yemweyo, poti malowo amalowa wachibale wamwamuna. Zaka zonsezi sanasunge kalikonse, ankangodalira kuti kubwera mwana wamwamuna. Mkazi anam'kwatira chifukwa cha nkhope, atatopa naye n'kumusandutsa choseketsa pamaso pa ana. Zinthu zikavuta amakadzitsekera kumabuku. Elizabeth atawachonderera kuti asalole mng'ono wake Lydia kupita ku Brighton, anayankha kuti pakhomo sipakhala mtendere mwanayo akapanda kupita. Mtendere wa ndani? Lydia anathawa ndi Wickham, ndipo amene anawasaka ku London mpaka kuwapeza n'kulipira ngongole za mnyamatayo ndi Darcy.

Tsono mayi Bennet aja timawaseka kuti ndi olongolola, pakati pa makolo awiriwa ndi okhawo amene akusowa tulo poganiza komwe ana adzagone. Njira zawo n'zochititsa manyazi, inde, koma mantha awo ndi enieni.

M'kalasi nditanena izi, mnzanga wina anati ndikuwaweruza mopyola muyezo, poti bambowa anavomera okha kuti kulakwa n'kwawo. Zoona anavomera. Koma pomwepo anamuuzanso Elizabeth kuti asadandaule, chisonicho sichichedwa kuwathera.