Braai Yopanda Nyama: Chinsinsi Chili pa Moto

Masamba sakhala ndi mafuta ngati nyama, n'chifukwa chake amamata pa waya n'kupserera msanga. Yatsani makala pa mbaula mphindi 30 musanayambe kuotcha, mudikire mpaka achite phulusa loyera pamwamba, malawi atazima. Makala ambiri muwakankhire mbali imodzi kuti mbali inayo ikhale ya moto wofatsa.

Mabiringanya ndiwo amavuta. Aduleni mulifupi mwa sentimita imodzi, muwaze mchere, akhale mphindi 20 kuti madzi atuluke, kenako muwapukute. Apakeni mafuta ophikira masupuni 4 osakaniza ndi madzi a ndimu limodzi, adyo ndi kambuzi pang'ono. Osawanyika m'mafutamo ayi, amamwa ngati thonje.

Mbatata ndi chinangwa cha manyokola muyambe mwaziwiritsa mphindi 10. Mukapanda kutero, kunja kupserera m'kati muli gwa. Mondokwa ungofuna kutembenuzatembenuza basi.

Bowa, anyezi ndi tsabola wobiriwira muzitunge pa timitengo tansungwi tonyikidwa m'madzi theka la ola kuti tisayake. Ngati wayayo munaotcherapo nyama, mukwecheni ndi sopo kaye. Alendo osadya nyama fungo lake amalimva msanga.