Lero tatsegula njira m'nyumba mwa achimwene

Loweruka, usiku.

Tsiku lonse la lero ndinali kwa achimwene. Chichitireni ngozi ija amayendera njinga ya olumala, ndipo masiku apitawa anandiimbira foni kudandaula kuti nyumba yawathina. Nditalowa ndinaona chimene amanena. Makatoni aunjikana panjira yopita kuchipinda, mpando wothyoka mwendo ukudikirabe kalipentala, nthambo zamagetsi zayalana pansi, ndipo kakapeti ka pakhomo la kubafa kamakodwa m'matayala nthawi iliyonse akamadutsa.

Ndisanagwire chilichonse anandiimitsa.

"Chemwali, usataye kanthu ndisanakaone. Ndipo chilichonse ukachisuntha undiuze komwe wachiika."

Apa anali ndi mfundo. Alipo anthu amtima wabwino amene amabwera, kusesa, kukolopa, kulongedza zonse mwaudongo, kenako n'kumapita. Mwini nyumba amatsala akufunafuna mankhwala ake, mwina aikidwa pamwamba pa kabati pomwe dzanja lake silifika. Kwa munthu wosaona zimapweteka koposa, chifukwa nyumba yake amaidziwa pamtima, ndiye ukasuntha tebulo pang'ono chabe wamutchera msampha. Choncho tinapangana kuti iwo azilamula, ine ndizinyamula.

Tinayambira pansi. Njinga imafuna malo okwana masentimita pafupifupi 150 kuti itembenuke bwinobwino, koma pabalaza pawo ankachita kubwerera chambuyo kuti atuluke. Tinachotsa katebulo kapakati, nthambo tinazikhomerera m'mbali mwa khoma, kakapeti kaja tinakapinda. Ena amaona ngati izi n'zazing'ono. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa chogwa, ndipo pa imfa zangozi, kugwa kuli pa nambala yachiwiri, pambuyo pa ngozi zapamsewu. Kwa achimwene nthawi yoopsa ndi pamene akuchoka panjinga kupita pabedi kapena pachimbudzi. Njinga ikalephera kuyandikira chifukwa cha katoni, amachita kudziponya.

Kenako makabati. Ndinawapempha kuti atambasule dzanja ali chikhalire, ndipo ndinalemba kachizindikiro pakhoma pomwe zala zawo zinalekezera, pamwamba ndi pansi pomwe. Zonse zimene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, makapu, mankhwala, sopo, tchaja ya foni, zinalowa pakati pa zizindikiro ziwirizo. Zolemera tinaziika chapansi, zapachaka zinakwera pamwamba.

Pamene tinachedwa ndi pa katoni yomaliza. M'katimo munali nsapato zawo za mpira, zingwe zake zili chimangire, dothi louma likadali kunsi kwake. Anazitenga n'kuziika pamiyendo. Anakhala chete nthawi yaitali, chala chikuyenda pomwe chikopa chinasweka chakutsogolo. Ine sindinayankhule.

"Izi zikhale," anatero.

"Tiziike pati, achimwene?"

"Poonekera."

Tinazipukuta n'kuziika pashelefu ya pabalaza. Pali malangizo amene amafala akuti chinthu chimene sunachigwiritse ntchito kwa chaka chathunthu uchitaye. Ine malangizo amenewo sindigwirizana nawo akafika pa munthu amene thupi lake linasintha mwadzidzidzi. Nsapato zija sizitchinga njira ya munthu. Zimene zinkatchinga ndi manyuzipepala akale, wailesi yakufa ndi mabotolo opanda kanthu, ndipo zimenezo anazitaya okha mosanyinyirika, mpaka kumandifulumizitsa.

Masana tinagwira yoyeretsa. Anandionetsa zikhatho zawo, zakuda bii. Fumbi lonse la pansi limakwera ndi matayala n'kuthera m'manja, manja omwewo ogwirira nkhope ndi kusamalira khungu. Ndiye kwa iwo kukolopa ndi nkhani ya thanzi. Kubafa kunali nkhungu yakuda m'makona, ndipo anthu ambiri ovulala msana satha kutsokomola mwamphamvu, motero chifuwa chikawagwira chimawavuta kwambiri. Tinatsegula mawindo onse tisanathire bulichi. Anandikumbutsa kuti ndisayerekeze kumusakaniza ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira chimbudzi, chifukwa mpweya wotulukapo ndi poizoni. Pansi tinapukuta mpaka kuuma gwa asanalowemo.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi mopu. Tinapeza yopepuka, ya mtengo wautali, ndipo anakolopa okha theka la balaza, dzanja lina pa tayala, lina pa mopu. Anatuluka thukuta, koma ndinawamva akuimba mluzu. Pangano la United Nations la mu 2006 lokhudza ufulu wa anthu aulumali, m'gawo 19, limanena za ufulu wokhala modziimira pawekha. Lero ufulu umenewo ndauona pa munthu amene watenga yekha kapu m'kabati osaitana aliyense. Anati dzulo lomweli akanayamba adikira kuti wina abwere.

Msana ukundiwawa, ndipo ntchito sinathe. Chitseko cha kubafa chimatsegukira m'kati, ndiye atagwera kuseri kwake palibe angathe kuchikankha kuti awathandize. Mpata wakenso sukufika masentimita 80, n'chifukwa chake mfundo za zala zawo zili ndi zipsera. Tagwirizana kuti Lolemba ayankhule ndi kalipentala, aone ngati angachitembenuze kuti chizitsegukira kunja, ndipo akamabwera adzatengeretu mpando wothyoka uja.