Tsiku limene dambo la Bangweulu linandivula thalauza

Choyamba, chitenje cha kampeni chija sichinali changa, ndipo sindinalowe chipani chilichonse. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa chithunzi chimene alamu anga anaponya pagulu lathu la WhatsApp chafika kale kwa akuluakulu a mpingo ku Chilenje, ndipo dzulo ku Kabwata mnyamata wina wometa tsitsi, amene sindimudziwa n'komwe, wandifunsa ngati matope aja anandibwezera katundu wanga. Ndiye lekani kumva za m'maluwa, imvani kwa mwini wake.

Nonse mukudziwa kuti ine ndimadya za maukwati. Ma kitchen party, matebeto, chilanga mulilo, ana omaliza sukulu, zonsezo kamera yanga inaziona. Alamu anga amayendetsa galimoto ya alendo okaona nyama, ndipo mu June anapeza azungu atatu a ku Germany, akuluakulu opuma pantchito, amene anawoloka nyanja kudzajambula mbalame imodzi yokha, shoebill. Mpando umodzi unatsala. Mayi a kunyumba anangoti, "Pitani bambo a ana, mwina mungajambuleko chinthu chosavala velo." Ndinathamangira ku Kamwala kukagula jombo za mphira, thalauza la khaki ndinalipeza pa salaula. Linali lalikulu pang'ono m'chiuno. Mfundo imeneyi muisunge.

Za ulendo sindinena zambiri. Kunyamuka kusanache, Kabwe, Kapiri Mposhi, Mkushi, Serenje, kenako phula linatitsanzika tinalowa msewu wafumbi wodzera ku Lavushi Manda, Chiundaponde, Muwele, mpaka ku Chikuni, m'dambo la Bangweulu. Pofika, msana unali utakhala wa munthu wina.

M'mawa kunazizira koopsa. Kutsogolo kwathu chigwa chonse chinali mbwee ndi black lechwe, nyama zija zonga agwape zimene simungazipeze kwina kulikonse padziko lapansi koma ku Bangweulu kokha, zikwizikwi, zina zikuthamanga m'madzi. Ine ndinayamba kujambula ndili pakamwa yasa. Azungu aja anangoziyang'ana kamodzi n'kupitiriza kupukuta malenzi awo. Malenzi akewo, abale anga! Ya mamilimita 600, yoti mtengo wake mungagule nawo puloti ku Chalala n'kutsalako ya simenti. Yanga inali ija ndimajambulira keke.

Tinakwera bwato. Wolikankha anali madala ena, msodzi wa konkuno, woonda koma manja ake achitsulo. Alamu anandinong'oneza kuti madalawo ndi mmodzi wa asodzi amene amalipidwa kuti azilondera zisa za shoebill, chifukwa pali akuba amene amatola anapiye ake kukagulitsa kunja. Kuyambira 2008 dera limeneli amaliyang'anira a bungwe losamalira nyama la African Parks pamodzi ndi boma ndi mafumu a kumeneko, ndipo anthu sanawachotse, amakhala momwemo n'kumapha nsomba zawo kupatula miyezi yoletsa, December mpaka February. Mbalame zimenezi padziko lonse sizikwana 10,000. Ndinamva zonsezi n'kuvomera ndi mutu, koma mtima wanga unali pa madzi amene ankalowa m'bwato pang'onopang'ono pafupi ndi phazi langa.

Tinayenda m'timipata ta gumbwa ndi bango mpaka dzuwa linakwera. Udzudzu unadya. Kenako madala aja anaimitsa bwato, n'kuloza ndi chibwano.

Chinali chitaima apo, njo. Chimbalame chotuwa, msinkhu kupitirira mita, mutu waukulu, mlomo wake nsapato yeniyeni yokhala ndi mbedza kumapeto. Osagwedezeka. Azungu aja anayamba ntchito, ndipo gogo wamkazi pakati pawo misozi inali ikulengeza. Ine ndinakweza kamera yanga, kusuzumira, n'kuona kadontho kotuwa pakati pa udzu. Kukoka lenzi mpaka pomalizira, kadontho komweko.

Tsopano apa ndipamene ndikufuna mundimvetsere bwino, makamaka inu amene mwakhala mukuseka. Pantchito yanga lamulo ndi limodzi: mkwatibwi akakhala patali, iwe wojambula ndiwe uyenera kusendera. Sumudikira. Pambali pa bwato panali udzu wobiriwira, wosalala, wooneka bwino kuposa kapinga wa m'malo ambiri amene ndajambulako maukwati muno mu Lusaka. Ndipo chimbalame chija, chachikulu chonchija, chinali chitaima pa udzu womwewo. Munthu aliyense woganiza bwino akanafika pa mfundo imene ine ndinafikapo. Palibe amene anali atandiuza kuti msinkhu wonsewo ndi nthenga chabe, kuti thupi lake silipitirira makilogalamu 7, ndiponso kuti zala zake n'zazitali dala kuti chizitha kuponda udzu woyandama. Palibenso amene anali atandiuza kuti pansi pa udzuwo palibe dziko. Ine ndimadya nsima kawiri patsiku kuyambira nthawi ya Kaunda.

Phazi loyamba udzu unalilandira. Lachiwiri unalilandiranso, mwaulemu ndithu. Ndinamva madala aja akutulutsa mawu ena a Chibemba amene sindingalembe pano. Lachitatu, chubwi!

Ndinalowa mpaka m'chiuno, kenako pang'onopang'ono mpaka pamchombo, kenako matope anandigwira m'mawondo n'kunena kuti basi ukhale pompo. Koma tamverani izi, poti pachithunzi chija palibe amene akuziyamikira: manja onse awiri anali m'mwamba, kamera ili pamwamba pa mutu, youma. Ngakhale dontho. Zimenezi sizichitika mwangozi, ndi zaka zambiri zopulumutsa kamera kwa azakhali oledzera pa phwando.

Tonse tinadziwa kuti mbalame yathawa. Anthu alipira ndalama zankhaninkhani, ndege kuchokera ku Frankfurt, ine n'kuwathamangitsira mbalame yawo ndi mimba yanga. Ndinatseka maso kudikira kumva mapiko.

Zii.

Nditatsegula maso, chinali chikubwera. Osati kuuluka ayi, kuyenda. Kukweza mwendo umodzi, kuusiya m'mwamba kaye kuti uganize, kuutsitsa. Kukweza unzake. Chinayenda chonchi mpaka chinafika poti ndikanatambasula dzanja kawiri ndikanachigwira, n'kuima. N'kundiyang'ana.

Anzanga, ine anthu andiyang'anapo m'moyo uno. Koma diso limene lija, lotuwira, losaphethira, mutu utapendekera pansi pang'ono, ndinaliona kamodzi kokha: apongozi anga aamuna tsiku limene ndinapita kukapempha kuti malowolo otsala ndimalize chaka chamawa. Ndendende. Sichinakwiye, sichinadabwe, chinangokhumudwa nane.

"Alamu," ndinatero ndi pakona pa kamwa, "ndikokeni."

"Musasunthe alamu."

"Ndikumira."

"Simukumira, mwaima. Akuti musasunthe."

Kumbuyo kwanga makamera atatu anali akulira mosalekeza. Madzi a mu June ku Bangweulu ndi ozizira moti pakapita kanthawi umasiya kudziwa kuti miyendo yako ili pati. Jombo zinadzaza. Kenako ndinamva kanthu kakuyenda pa ntchafu, mosafulumira, kodziwa kumene kakupita. Kenako kachiwiri. Misundu. Ndinayesa kugwedeza bondo pang'ono, matope anandimeza chala china chimodzi.

"Alamu, pali zinthu zikundidya."

Panali kunong'onezana kwa Chizungu kumbuyoko, kenako alamu anabweza yankho: "Gogo akupempha kuti muzipuma pang'onopang'ono, mimba yanu ikugwedeza udzu."

Shoebill, kwa inu amene simukuidziwa, luso lake lalikulu ndi kusachita kanthu. Imatha kuima malo amodzi nthawi yaitali zedi osagwedeza ngakhale nthenga, kudikira nsomba. M'madzi a m'dambo mpweya ndi wochepa, choncho milamba ndi nsomba zina zotha kupuma mpweya wa kunja zimakwera pamwamba kudzapuma, ndipo iyo imangodikira nthawi imeneyo. Ndiye taganizani mpikisano umenewu. Mbali iyi mbalame imene makolo ake onse anali akatswiri oima. Mbali inayi ine, manja m'mwamba, mapewa akuyaka moto, misundu ikuchita msonkhano m'thalauza. Ntchentche inatera pamphuno panga, kuyendayenda, kupukuta manja ake, kuchoka, kubweranso ndi inzake. Ndinayamba kuwerenga ngongole zanga mumtima. Nditamaliza ndinayamba za alamu. Ndinapemphera Atate Wathu mpaka pa "mutipulumutse kwa woipayo", ndipo pamenepo chimbalamecho chinaphethira. Osati ndi chikope chabwinobwino, koma kanthu koyera kanangodutsa padiso kuchokera m'mbali. Ndinasiya pemphero pomwepo.

Alamu akuti zonsezi sizinathe ngakhale theka la ola. Alamu anali atakhala pouma.

Chala changa chokha ndicho chinali chikugwirabe ntchito. Ndinaganiza kuti poti kamera ili m'mwamba kale, ndingoipendeketsa pang'ono n'kumadina, mwayi ngati uwu sudzabweranso. Ndinadina, ndinadina, ndinadina. Mumtima ndinali nditayamba kale kuona chithunzi changa chitapachikidwa m'mahotela a ku Livingstone.

Kenako, popanda chenjezo, chimbalame chonse chinangodzigwetsa chamutu kutsogolo kwanga, mapiko tambasu, mlomo phava m'madzi. Matope onse kumaso kwanga. Ndinakuwa, ndipo amene akunena kuti ndinaitana amayi anga akunama, ndinangotchula dzina lawo basi. Chitadzuka, kukamwa kwake kunali mlamba wonenepa pamodzi ndi udzu. Chinagwedeza mutu uku ndi uku mpaka udzu unagwa, n'kumeza nsombayo ndikuona. Chinandiyang'ananso kamodzi, kuwomba mlomo kha-kha-kha-kha, n'kutembenuka kumapita.

Madala aja pambuyo pake anafotokoza kuti kugwa kwanga kunavundula milamba pansi pa udzu, ndiye mbalameyo inabwera kudzaona chakudya, osati ine. Alamu akuti mwina inali imodzi mwa zija zinalandidwa kwa akuba zili zazing'ono n'kuleredwa ndi anthu, n'chifukwa chake sinkaopa. Kaya zoona ndi ziti, mfundo ndi yakuti nsomba ija ndinaipereka ndine. Azungu aja ananena okha kuti anapitako ku dambo la Mabamba ku Uganda koma sanaionepo ikugwira nsomba pafupi chonchi. Bambo wina anandigwira chanza ndikadali m'matope. Sanandikoke, anangondigwira chanza.

Kundizula ndiye kunali ntchito. Madala anagoneka mtengo wawo wokankhira bwato pa udzu, alamu anatenga kamera, kenako awiriwo anandigwira m'khwapa. Kukoka koyamba, palibe. Kwachiwiri, dambo linalira mokhala ngati likudandaula. Kwachitatu ndinatuluka, pholokoto, m'bwato. Ndinamva kamphepo. Jombo yakumanja inatsala pansi, ndipo thalauza lija lalikulu m'chiuno linasankha kutsala nayo. Gogo wa ku Germany anayang'ana kumwamba mwaulemu. Mwamuna wake sanasiye kujambula.

Amene mukufuna kuseka, kumbukirani kuti David Livingstone mwini wake madambo omwewa anawadutsa atanyamulidwa pamapewa a anthu, ndipo mu 1873 anafera m'mudzi wa mfumu Chitambo, kufupi komweko, mtima wake n'kukwiriridwa pansi pa mtengo wa mpundu. Iye anamumangira chipilala. Ine ndinatuluka wamoyo, kamera youma, koma ndikutchedwa mayina.

Pobwerera tinaima pa kachilumba ka asodzi, ndipo mayi wina wachifundo, atandiona ndikudziphimba ndi chikwama cha kamera, analowa m'kanyumba kake n'kutulutsa chitenje. Chinali cha kampeni, chakalekale, nkhope ya munthu amene analuza chisankho ili pakatikati. Munthu wopanda thalauza safunsa za ndale. Ndinamanga. Kuti nkhope ya bwanayo inagwera kumbuyo kwanga penipeni, limenelo ndi vuto la amene anasindikiza nsaluyo. Misundu anaichotsa ndi mchere, mayi yemweyo, ana a pachilumba chonse ataima mozungulira kupereka malangizo.

Usiku kumsasa aliyense anatsegula zithunzi zake. Za azungu zinali zoti munthu n'kugwetsa misozi: diso, mbedza ya mlomo, madontho a madzi ali m'malere, mchira wa mlamba. Pa zambiri mwa izo, pakona, pakuoneka chigongono changa. Akuti adzachidula pa kompyuta. Ine ndinatsegula zanga nditatembenukira kukhoma. Mitambo. Mitambo ina. Mtambo wokhala ndi nsonga ya bango. Chala changa. Mitambo. Pamapeto penipeni pali chimodzi chimene pansi pake pakuoneka kanthu kotuwa, kosaoneka bwino, kamene ine ndikutsimikiza kuti ndi phiko. Mayi a kunyumba akuti ndi chipewa cha alamu.

Azungu aja popita ku eyapoti anawapatsa alamu envelopu yonenepa chifukwa cha "tsiku losaiwalika". Ine anandipatsa mankhwala opaka a udzudzu, otsala theka. Alamu mpaka lero akuti tidzakambirana.

Loweruka ndili ndi kitchen party ku Matero, mitengo yanga sinasinthe. Jombo yakumanzere ikadali yatsopano, saizi 9, ngati pali amene akuifuna.