Tsiku limene ndinadzola mbewu ya zingwe

Kuntchito kwathu analengeza kuti aliyense ajambulidwa chithunzi chatsopano cha pachiphaso. Ine nthawi imeneyo ndinali ndi ziphuphu ziwiri pachipumi, zikuchita kupikisana kukula. Bambo wa ana, ndevu zayamba imvi, koma ziphuphu osandisiya.

Akazi anga khungu lawo ndi losalala, ndipo chinsinsi chake ndimachidziwa: alovera. Madzulo amadula tsamba, kupala zoterera za m'kati n'kupaka kumaso. Vuto ndi lakuti ine ndakhala ndikuwaseka kuti amadzola mamina a maluwa. Ndiye pakamwa pomwepo ndikanayamba bwanji kunena kuti mayi, ndigawireniko?

Ndinadikira atapita kukacheza kwa mnzawo, usiku woti mawa lake ndi kujambula. Kuseri kwa nyumba ali ndi miphika ya maluwa yambirimbiri, ndipo ingapo ili ndi zomera za masamba onenepa, aminga m'mbali. Ndinasankha chachikulu pa zonsezo. Mutu wanga unati tsamba lalikulu, mankhwala ambiri.

Mpeni unaona zakuda. Tsambalo linali gwa, ndipo kunsonga kwake kunali munga wakuda umene unayamba wandipatsa moni pachala. Nditaling'amba pakati, zoterera zija panalibe. Munali ulusi wokhawokha. Munthu wa nzeru zake akanalekera pomwepo, koma ine ndinakumbuka kuti mitundu ya aloe ilipo yoposa 500, ndiye ndinati uwu uyenera kuti ndi mtundu wa amuna. Ndinalipala ndi supuni, kulisinja ndi chigwiriro cha mpeni, kufinya timadzi tobiriwira, n'kupaka nkhope yonse, khosi, mpaka kuseri kwa makutu kumene kunalibe mlandu uliwonse.

Poyamba kunali kunyerenyetsa. Ndinati eya, mankhwala ayamba ntchito. Kenako kuyabwa. Kenako moto weniweni, ngati ndagona pa chisa cha linthumbu. Ndinathamangira kubafa ndikukanda ndi manja onse awiri, ndipo pagalasi ndinakumana ndi mlendo wa zikope zotupa. Ziphuphu ziwiri zija zinali zitasowadi. Osati kuti zinachira ayi, zinangopeza anzake ochuluka moti sizinkadziwikanso.

Akazi anga anandipeza nditagwada, nkhope ili m'beseni.

"Bambo, mwatani kodi? Njuchi?"

"Alovera wanuyu ndi wachinyengo," ndinayankha madzi akuchucha.

Anapita kukhitchini, n'kuona zotsala za tsamba lija pa tebulo. Ndinangomva mpando ukukokedwa. Ankafuna akhale kaye pansi kuti aseke bwino.

"Uyu si alovera! Ndi khonje wanga wokongoletsera pakhomo. Mwadzola mbewu ya zingwe inu!"

Iwo akupukuta misozi, ine ndinali pa foni ndi diso limodzi limene linali lotsekukabe, kufufuza ngati ndifike m'mawa. Khonje ndi wa mtundu wa agave, kwawo ndi ku Mexico, ndipo m'madzi ake muli tinthu tosongoka ta calcium oxalate tosaoneka ndi maso, timene timabaya khungu. Ine ndinali nditatikhutiza ndi zala kumaso, mwakhama, mozungulizazunguliza monga ndinkaonera kwa eni ake.

Kuseka kutatha linabwera phunziro, ndipo wophunzira analibe mphamvu zotsutsa. Anadula tsamba la alovera weniweni n'kundionetsa. Ndi lofewa, mpeni umangodutsa, m'kati muli zoterera zoonekera mbali ina, zimene pafupifupi 99 peresenti ndi madzi. Ulusi mulibe ngakhale umodzi. Komatu nayenso sapakidwa atangodulidwa. Pansi pa khungu la tsambalo pamatuluka utomoni wachikasu wowawa kwambiri, umene uli ndi aloin. Ukaumwa umatsegula m'mimba, ndipo anthu ena umawayabwa pakhungu. N'chifukwa chake iwo amaimika tsambalo m'kapu kwa mphindi 10 kapena 15 kuti utomoniwo udonthe, kenako n'kutsuka. Zimenezi ndinkaziona ndithu, koma ndinkayesa ndi chibwana cha kusunga masamba m'makapu omwera madzi.

"Ndipo munthu woyamba kumene amayesa kaye pang'ono pamkono, n'kudikira maola 24," anatero.

"Maola 24 ndinalibe."

"Pano nkhope mulibenso."

Anandisambitsa ndi madzi ozizira ndi sopo, n'kundiletsa kukanda, n'kuchenjeza kuti kutupa kukafika pakhosi kapena kupuma kukayamba kuvuta tikupita kuchipatala usiku womwewo. Atati andipake alovera weniweni uja kuti aziziritse, ndinakana kwamtuwagalu. Chilichonse chobiriwira chinali mdani wanga usiku umenewo. Ndinagona chagada, manja nditawapanira pansi pa msana, bedi likugwedezeka chifukwa munthu wina pambali panga ankalephera kuugwira mtima.

M'mawa kutupa kunali kutachepako, koma pang'ono chabe, ndipo wojambula ankabwera tsiku lokhalo.

"Bwana, musakwiye. Masulani nkhope," anatero mnyamatayo.

"Ndamasula kale."

Anayang'ana pa kamera, n'kundiyang'ananso ine, n'kudina mwachisoni.

Khungu linabwerera m'malo mwake patapita masiku. Chiphaso ndiye sichichira. Mlonda watsopano wa pageti anachitenga, kuyang'ana chithunzi, kuyang'ana ine, kenako n'kutsitsa mawu mwaulemu: "Bwana, lero lowani, koma mawa musabwerenso ndi chiphaso cha achimwene anu."